Chifukwa chake potaziyamu ndi 2.8.8.1 osati 2.8.9

Wophunzira wa sekondale kuno ku Dedza, kaya ali ku Umbwi kaya ku CDSS ya cha ku Linthipe, amadziwa kulemba kuti sodiyamu ndi 2.8.1, kilorini ndi 2.8.7, potaziyamu ndi 2.8.8.1. Amauzidwanso kuti shell iliyonse imakwana maelekitironi 2n², kutanthauza 2 mu yoyamba, 8 mu yachiwiri, 18 mu yachitatu ndi 32 mu yachinayi. Ziwirizi mukaziika pamodzi zimakhala ngati zikutsutsana. Ngati shell yachitatu ili ndi malo 18, n'chifukwa chiyani elekitironi ya nambala 19 ya potaziyamu ikusiya malo 10 ali pululu n'kukakhala mu shell yachinayi? Mwana wofunsa funsoli sanasokonezeke ayi, waona chinthu chenicheni. Yankho loti "ingolowezani, mukazimva ku koleji" limandiwawa, chifukwa yankho lake lenileni munthu wodziwa kuphatikiza 3 ndi 2 angathe kulitsata.

Lagona pa manambala anayi amene amafotokoza elekitironi iliyonse mu atomu, omwe mabuku amawatcha ma quantum number. Amene mukupita kukachita sayansi ku UNIMA, ku Mzuni, ku MUST kapena ku Bunda mudzakumana nawo koyambirira kwa maphunziro a chemistry, ndipo amene amafika atawamvetsa savutika ndi zotsatira zake.

Chithunzi cha timadontho toyenda m'mizere yozungulira nyukiliyasi chinachokera kwa Niels Bohr mu 1913. Chinagwira bwino pa haidirojeni, yomwe ili ndi elekitironi imodzi, koma chinalephera ngakhale pa hiliyamu ya maelekitironi awiri okha. Mu 1926 Erwin Schrödinger analemba masamu otenga elekitironi ngati funde. Masamuwo sanena njira imene elekitironi imadutsa. Amanena dera limene ingapezekemo, ndipo deralo ndi limene timalitcha orbital. Zojambula za m'mabuku zimaonetsa malire a dera lomwe muli mwayi wa pafupifupi 90 pa 100 woti muipezemo. Manambala atatu oyamba amatuluka okha m'masamu amenewa, palibe anachita kuwaikamo. Yachinayi inadziwika chifukwa cha zimene anthu anaona mu labu.

Munthu akamalembetsa chiphaso cha unzika amatchula boma, T/A, mudzi ndi dzina. Kungoti "wa ku Dedza" sikokwanira, ngakhale "wa kwa Kachere" tili ambiri. Zinayizo zikakwana m'pamene watsala munthu mmodzi. Manambala athuwa ntchito yawo ndi yomweyo: n, l, ml ndi ms zikatchulidwa zonse, yatsala elekitironi imodzi.

Manambalawo, imodziimodzi

Yoyamba ndi n. Imakhala 1, 2, 3, 4 kumapita, osakhala 0 ndiponso osakhala kachigawo ngati 1.5. Ndiyo shell imene mukuidziwa kale. Ikamakula, orbital imakula ndipo elekitironi imakhala nthawi yambiri kutali ndi nyukiliyasi. Pa haidirojeni mphamvu ya elekitironi imadalira n yokha: ndi −13.6 eV (muyeso wa mphamvu zazing'ono ngati za elekitironi) kugawa ndi n². Chizindikiro cha kuchotsacho chikusonyeza kuti elekitironi ndi yomangika, ndipo pafunika 13.6 eV kuti ichoke pa n = 1 n'kutulukiratu mu atomu. Yesani nokha masamu awa. Pa n = 3 mupeza −1.51 eV, pa n = 2 mupeza −3.40 eV. Elekitironi ikatsika kuchoka pa 3 kufika pa 2 imataya 1.89 eV, ndipo mphamvuyo imatuluka ngati kuwala. Kuti mupeze kutalika kwa funde la kuwalako, gawani 1240 ndi 1.89, mupeza mananomita 656, komwe ndi kuwala kofiira kumene haidirojeni imatulutsadi. Kuchoka pa 4 kufika pa 2 ndi 2.55 eV, mananomita 486, kuwala kwa pakati pa buluu ndi girini. Haidirojeni situlutsa mitundu yonse ya kuwala chifukwa palibe malo oima pakati pa n = 2 ndi n = 3.

Yachiwiri ndi l, yomwe imanena subshell, kutanthauza gawo la shell, ndi maonekedwe a orbital. Imayamba pa 0 n'kulekeza pa n − 1. Pano m'pamene ambiri amaphonya, amaifikitsa pa n. Shell yoyamba ili ndi l = 0 yokha. Yachiwiri ili ndi 0 ndi 1. Yachitatu ili ndi 0, 1 ndi 2. Polemba timagwiritsa zilembo: 0 ndi s, 1 ndi p, 2 ndi d, 3 ndi f. Choncho 3d ikutanthauza n = 3, l = 2. Ndi chifukwa chake kulibe 1p, kulibe 2d, kulibe 3f. Mukaona zimenezi pa pepala la mayeso la mayankho osankha, zichotseni msanga. Orbital ya s ndi yobulungira, yofanana mbali zonse. Ya p ili ndi mbali ziwiri, ina uku ina uko, ndipo pakati pake pamene pali nyukiliyasi mwayi wopezapo elekitironi ndi ziro. Mfundo yomalizayi muisunge, chifukwa ndiyo muzu wa yankho la potaziyamu.

Yachitatu ndi ml. Imanena komwe orbital yaloza, ndipo imayenda kuchokera pa −l kudutsa pa 0 kufika pa +l. Ngati l ndi 1, ml ikhoza kukhala −1, 0 kapena +1, ndiye ma orbital a p alipo 3. Ngati l ndi 2, pali −2, −1, 0, +1, +2, ma orbital a d alipo 5. A f alipo 7, ya s ndi imodzi yokha. Kuwerenga kwake ndi 2l + 1, ndipo woiwala ziro amapeza 2, 4 ndi 6, zomwe zimawononga zonse zotsatira. Mu atomu yokhala payokha ma orbital atatu a p ali ndi mphamvu zofanana. Mukaiika pakati pa maginito amphamvu amasiyana pang'ono, ndipo mzere umodzi wa kuwala kumene atomuyo imatulutsa umagawika. Pieter Zeeman anaona zimenezi mu 1896, anthu asanadziwe chimene chikuchititsa.

Yachinayi ndi ms, ya spin, ndipo ili ndi mayankho awiri basi: +½ kapena −½. Mu 1922 ku Frankfurt, Otto Stern ndi Walther Gerlach anadutsitsa maatomu a siliva pakati pa maginito opangidwa mwakuti mphamvu yake isafanane pamwamba ndi pansi. Maatomuwo sanamwazikane. Anagawika magulu awiri, lina m'mwamba lina m'munsi. Siliva ali ndi maelekitironi 47, ndipo 46 mwa iwo ali awiriawiri, kutsala imodzi mu 5s. Imodziyo ndi imene inagawa gululo. Mu 1925 George Uhlenbeck ndi Samuel Goudsmit anabweretsa ganizo la spin. Musaganize kuti elekitironi ndi kanthu kolimba kozungulira pamalo amodzi. Chodziwika n'chakuti ili ndi kamphamvu ka maginito komwe kakayezedwa kamaloza mbali imodzi mwa ziwiri.

Spin imaonekeranso mu mchere wa m'khitchini. Mchere ukagwera pa lawi la buluu, lawilo limasanduka lachikasu. Kutentha kwakweza elekitironi yakunja ya sodiyamu kuchoka mu 3s kupita mu 3p, ndipo pobwerera ikutaya 2.1 eV, mananomita 589. Chipangizo chabwino choyezera kuwala chimaonetsa kuti mizere yake ndi iwiri yoyandikana kwambiri, 589.0 ndi 589.6, chifukwa spin ya elekitironiyo imagawa 3p pawiri. Pochita zimenezi mu labu ya sukulu, tsukani waya wa nichrome mu asidi wa HCl n'kuuwotcha mpaka usiye kusintha mtundu wa lawi. Musaugwire kunsonga ndi zala, thukuta lili ndi sodiyamu ndipo chikasu chake chimaphimba mtundu wofooka wa potaziyamu. Galasi la buluu la kobalti limatseka chikasucho kuti wa potaziyamu uoneke.

Komwe 2n² yachokera

Mu 1925 Wolfgang Pauli ananena lamulo lakuti mu atomu imodzi mulibe maelekitironi awiri ofanana manambala onse anayi. Orbital imodzi yatenga kale n, l ndi ml. Chotsala chosiyanitsa ndi ms, yomwe ili ndi mayankho awiri. Ndiye orbital iliyonse imasunga maelekitironi awiri, wina +½ wina −½, wachitatu alibe malo. Kuchokera apa s imakwana 2, p imakwana 6, d imakwana 10, f imakwana 14. Shell yachitatu ili ndi 3s, 3p ndi 3d, ndiye 2 + 6 + 10 = 18. Yachinayi 2 + 6 + 10 + 14 = 32. Palibe choloweza apa.

Tsopano funso lija lasintha. Aagoni ali ndi maelekitironi 18, ndipo adzaza 1s, 2s, 2p, 3s ndi 3p. Malo 10 otsala mu shell yachitatu onse ndi a 3d. Elekitironi ya nambala 19 ili ndi malo awiri oti isankhepo, 3d kapena 4s, ndipo idzapita kumene atomu yonse ikhale ndi mphamvu zochepa.

Mu haidirojeni 3s, 3p ndi 3d zili ndi mphamvu imodzi, ndipo zonse zili pansi pa 4s. Mu atomu ya maelekitironi ambiri zinthu zimasintha chifukwa am'kati amatchinga akunja kuti asamve kukoka konse kwa nyukiliyasi. Potaziyamu ali ndi mapulotoni 19, koma maelekitironi 18 am'katiwo atchinga pafupifupi onse. Kutchingako sikufanana pa ma orbital onse. Elekitironi ya mu 4s, ngakhale nthawi yambiri ili kutali, ili ndi mwayi wina wopezeka m'kati mwenimweni, pafupi ndi nyukiliyasi, kumene palibe woitchinga. Ya mu 3d silowerera choncho, l ikamakula elekitironi imatalikirana ndi pakati. Kulowerera kochepako n'kokwanira kutsitsa 4s pansi pa 3d mu potaziyamu ndi mu kashiyamu. N'chifukwa chake potaziyamu ndi 2.8.8.1 ndipo kashiyamu ndi 2.8.8.2. Umboni wake ulipo: kuchotsa elekitironi yoyamba ya potaziyamu kumafuna 419 kJ pa mole, pamene yachiwiri imafuna 3052. Imodzi ili payokha kunja, yotsatira ili m'shell yam'kati. Ndi chifukwa chakenso potaziyamu amachita zinthu ngati sodiyamu, ndipo mu feteleza amakhala ngati K⁺.

Kuyambira pa sikandiyamu, nambala 21, m'pamene 3d imayamba kudzaza, ndipo shell yachitatu imafika pa 18. Zinki, nambala 30, ndi 2.8.18.2. Kalembedwe ka 2.8.8 si kabodza, kamangothera pa elementi ya nambala 20.

Kulemba popanda kuloweza

Pali lamulo lofulumira, lomwe limatchulidwa ndi dzina la Erwin Madelung. Phatikizani n ndi l. Subshell ya yankho laling'ono imayamba kudzaza. Ziwiri zikafanana, yoyamba ndi ya n yaing'ono. 4s ndi 4 + 0 = 4, 3d ndi 3 + 2 = 5, ndiye 4s iyamba. 3d, 4p ndi 5s zonse ndi 5, ndiye zitsatana monga ndazilembera. Mndandanda wonse umatuluka motere: 1s, 2s, 2p, 3s, 3p, 4s, 3d, 4p, 5s, 4d, 5p, 6s, 4f, 5d, 6p, 7s, 5f, 6d, 7p. Mukadula pomwe pathera 1s, kenako pomwe pathera p iliyonse, mupeza 2, 8, 8, 18, 18, 32, 32, komwe ndi kutalika kwa mizere isanu ndi iwiri ya periodic table, ndipo pamodzi ndi 118. Ineyo ndimakonda njirayi kuposa chojambula cha mivi yopendekera cha m'mabuku chija, chifukwa mu chipinda cha mayeso munthu akalakwitsa mzere umodzi wa chojambulacho sadziwa kuti walakwitsa, pamene kuphatikiza manambala awiri angathe kubwereza.

Titenge ayironi, nambala 26. Lembani 1s², mwagwiritsa 2. Kenako 2s² 2p⁶, mwafika 10. Kenako 3s² 3p⁶, mwafika 18. Kenako 4s², mwafika 20. Atsala 6, onse alowa mu 3d. Mwachidule ndi [Ar] 3d⁶ 4s², pomwe [Ar] ikuimira maelekitironi 18 a aagoni aja. Musanapitirire phatikizani timanambala tam'mwambato, tikwane 26. Zolakwa zambiri zimene zimadya malikisi zimagwidwa ndi kuphatikiza kumeneku, makamaka kulemba 3p⁸ kapena kudumpha 3s.

Tsono 6 aja akhala bwanji m'ma orbital asanu? Apa ndi pa lamulo la Friedrich Hund. Ma orbital a mphamvu zofanana amayamba kulandira imodziimodzi, onse a spin yoloza kumodzi, ndipo kuphatikiza awiriawiri kumayamba onse atalandira. Jambulani timabokosi tisanu, ikani muvi woloza m'mwamba m'kabokosi kalikonse, wachisanu ndi chimodzi muuike woloza pansi m'kabokosi koyamba. Ayironi watsala ndi maelekitironi 4 opanda mnzawo. Wodzaza timabokosi titatu awiriawiri n'kusiya tiwiri topanda kanthu amapeza ziro, ndipo sangafotokoze chifukwa chake mchere wambiri wa ayironi umakokedwa ndi maginito.

Lamuloli limaoneka bwino pa mphamvu yochotsera elekitironi yoyamba. Timayembekeza kuti izikwera tikamayenda kumanja mu mzere wa periodic table, popeza mapulotoni akuchuluka. Koma naitirojeni imafuna 1402 kJ pa mole, okosijeni yotsatira imafuna 1314. Naitirojeni ndi 2p³, aliyense m'kabokosi kake. Okosijeni ndi 2p⁴, ndipo wachinayiyo wakakamizika kukhala ndi mnzake mu orbital imodzi, akukankhana, ndiye savuta kuchotsa. Fosiforasi ndi salifa amachita zomwezo, 1012 ndi 1000. Pali kutsika kwinanso kwa chifukwa china: maginiziyamu 738, aluminiyamu 578, popeza ya aluminiyamu ikuchoka mu 3p yomwe ili pamwamba pa 3s. Kalembedwe ka 2.8.2 ndi 2.8.3 sikangakuuzeni zimenezi.

Mayeso amakondanso kufunsa manambala anayi a elekitironi inayake. Yakunja ya sodiyamu ili mu 3s, ndiye n = 3, l = 0, ml = 0, ms = +½. Ya mu 3p ya kilorini ili ndi n = 3, l = 1, ndipo ml ndi imodzi mwa −1, 0, +1. Mabuku ena amayamba kulemba timabokosi ndi −1, ena ndi +1. Atomu ilibe nazo ntchito, poti atatuwo ndi ofanana mphamvu, koma tsatirani kalembedwe ka mphunzitsi amene adzachonge.

Pamene lamulo limaphonya

Lamulo la n + l silinachokere m'masamu a Schrödinger. Ndi chidule cha zimene zimaoneka, ndipo maelementi pafupifupi 20 salitsata. Awiri oyenera kuwadziwa ndi kromiyamu, nambala 24, ndi kopa, nambala 29. Lamulo likuti kromiyamu akhale 3d⁴ 4s², koma kuyeza kumasonyeza 3d⁵ 4s¹. Kopa si 3d⁹ 4s² koma 3d¹⁰ 4s¹. Mabuku ambiri amati subshell yodzaza theka kapena yodzaziratu imakhazikika kwambiri. Pa mayeso yankholi limalandiridwa, koma musalitenge ngati lamulo la chilengedwe. Molibidinamu, yemwe ali pansi pa kromiyamu, ndi 4d⁵ 5s¹ ndithu, koma tangisiteni wa gulu lomwelo ndi 5d⁴ 6s². Nayobiyamu ndi 4d⁴ 5s¹ pomwe palibe theka lililonse, ndipo paladiyamu ndi 4d¹⁰ wopanda elekitironi mu 5s. Chimene chikuchitika n'chakuti mphamvu za s ndi d pamenepa zayandikana kwambiri, moti kusiyana kochepa kwa kukankhana kwa maelekitironi ndi kumene kumagamula.

Cholakwa chachikulu kuposa zonse chili pa ma ayoni. Munthu amaganiza kuti popeza 3d ndi imene inadzaza pomaliza, ndi imenenso iyambe kutaya. Si choncho. Imayamba kuchoka ndi 4s. Fe²⁺ ndi [Ar] 3d⁶, osati [Ar] 3d⁴ 4s². Fe³⁺ ndi [Ar] 3d⁵. Cu²⁺ ndi [Ar] 3d⁹, Zn²⁺ ndi [Ar] 3d¹⁰. Chifukwa chake n'chakuti dongosolo la mphamvu si lokhomerera. Mu potaziyamu ndi kashiyamu 4s ili pansi. Mapulotoni akapitirira 20, nyukiliyasi imakoka 3d kwambiri n'kuitsitsa pansi pa 4s. Nanga bwanji ayironi osangoika onse 8 mu 3d? Chifukwa 3d ndi yothina, ndipo maelekitironi akachulukamo amakankhana kwambiri, moti atomu yonse imakhala ndi mphamvu zochepa awiri akakhala mu 4s yotakasuka. Awiriwo ndi amene ali kunja, ndi amene amayamba kupita. Njira yosalakwitsa ndi iyi: lembani kaye atomu yonse isanataye kanthu, ikani 3d patsogolo pa 4s polemba, kenako chotsani kuyambira pa n yaikulu. Musawerenge maelekitironi a ayoni n'kudzaza mwatsopano ndi lamulo la n + l. Fe²⁺ ndi kromiyamu onse ali ndi 24, koma sakhala mofanana.

Ma ayoni amenewa timakumana nawo tsiku ndi tsiku. Madzi a pa mijigo ina amatuluka oyera, koma akakhala mu ndowa amayamba kufiirira n'kudetsa zovala. Pansi pa nthaka, pomwe mpweya ndi wochepa, ayironi anali Fe²⁺ wosungunuka. Atakumana ndi okosijeni wataya elekitironi imodzi ya 3d n'kukhala Fe³⁺, yemwe sasungunuka m'madzi otere. Mu labu mukathira NaOH mumaona zomwezo: Fe²⁺ imapereka matope obiriwira amene amafiirira pamwamba akakhalitsa, Fe³⁺ imapereka ofiirira nthawi yomweyo. Kufiira kwa dothi la katondo ndi kwa Fe³⁺ yemweyo.

Cu²⁺ imapereka matope a buluu, Zn²⁺ oyera, ndipo kusiyanaku kuli mu 3d. Ayoni ikazunguliridwa ndi madzi kapena ma ayoni ena, ma orbital asanu a d amasiya kufanana mphamvu, amagawika. Pa kopa m'madzi mpata wake ukulingana ndi kuwala kofiira. Cu²⁺ ili ndi 3d⁹, pali malo amodzi otsala, ndiye elekitironi imameza kuwala kofiirako n'kukwera, ndipo diso limaona buluu wotsala. N'chifukwa chake copper sulphate ndi wa buluu, ndipo mankhwala a kopa amene alimi a ku Bembeke ndi ku Tsangano amapopera tomato ndi mbatatesi amasiya mtundu wobiriwira mopita ku buluu pa masamba. Buluu wozama wa pa makapu ndi mbale zadothi zopakidwa, zonga zimene timaona ku Dedza Pottery, kawirikawiri oumba amaupeza ndi kobalti, yemwe ngati Co²⁺ ali ndi 3d⁷. Zn²⁺ ili ndi 3d¹⁰, malo onse ndi odzaza, elekitironi ilibe kokwera, choncho mchere wa zinki ndi woyera. Ukaumitsa copper sulphate pa moto mpaka madzi ake onse achoke, nayenso amayera ngakhale akadali 3d⁹, chifukwa popanda madzi omuzungulira mpata uja umachepa n'kuchoka pa kuwala kooneka ndi maso. Dontho limodzi la madzi limabwezeretsa buluu, ndipo ndi mmene labu imayesera ngati chinthu chili ndi madzi.